Mkulu wa Zamasewero Akachoka pa Koleji: Mafunso Anu ndi Mayankho

Makalata ambiri a mwezi uno achokera m'chigawo cha Tete, ndipo onse akukhudza nkhani imodzi: phokoso limene masapota amachita mkulu woyang'anira masewero pa koleji akasiya ntchito kapena akachotsedwa. Ena mwafunsa za ku America zomwe mumaona pa foni, ena za pa sukulu zanu zomwe. Tiyamba ndi za kutalizo.

FUNSO: A Mkonzi, pa Facebook ndimaona anthu a ku America akukangana mpaka kutukwanizana akamva kuti athletic director wa yunivesite yawo wachoka. Munthuyu sasewera, saphunzitsa timu, pa benchi sakhalapo. Nanga chimawapweteka mtima n'chiyani? (Bambo wa ku Moatize)

YANKHO: Zikomo bambo. Kwathu kuno mpira waukulu uli m'manja mwa makalabu. Tikati Songo tikunena União Desportiva do Songo, imene inatenga ligi ya Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022, ndipo mumzinda wa Tete dzina la Chingale ndi lodziwika kwa aliyense. Ku America mayunivesite nawo ali ndi matimu amene anthu a dera lonse amawafera, makamaka pa mpira wawo uja wothamanga nawo m'manja ndi basketball. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu 107,601. Ku Nebraska matikiti a masewero a pakhomo akhala akutha onse kuyambira 1962. Ambiri mwa anthu odzaza mabwalowa si ophunzira ayi, ndi makolo, agogo ndi ana awo amene anabadwa n'kupeza banja lonse likusapota timuyo.

Athletic director ndiye mutu wa dipatimenti yonse ya masewero. Pamwamba pake pali mkulu wa yunivesite, pansi pake pali makochi onse. Yunivesite ya m'gulu lapamwamba la mpira, lotchedwa FBS, iyenera kukhala ndi matimu a masewero osachepera 16, ndipo Ohio State ili nawo 36. Ndalama zolowa m'madipatimenti akuluakulu ngati a Ohio State ndi Texas zimaposa madola 250 miliyoni pa chaka. Munthu mmodziyu ndiye amalemba kochi ntchito, ndiyenso amamuchotsa. Amaika mtengo wa tikiti, amakambirana ndi anthu olemera amene amathandiza timu, amakonza zaka zingapo zisanafike kuti timu idzasewera ndi yani, ndiponso amayankha timu ikaphwanya malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'mayunivesite a ku America. Lamulo la boma la 1972 lotchedwa Title IX limamukakamiza kuonetsetsa kuti atsikana akupatsidwa mwayi wofanana ndi anyamata. Kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera analoledwa kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo potsatsa malonda, ndipo mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola yunivesite kulipira osewera mwachindunji ndalama zofika pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Kugawa ndalama zimenezi pakati pa matimu ndi ntchito yakenso.

Chimene chimakwiyitsa masapota kwambiri n'chakuti zosankha za munthuyu zimaoneka zipatso zake patapita zaka, nthawi zina mwini wake atapita kale. Ku Texas A&M kochi Jimbo Fisher anamuwonjezera kontrakiti mu 2021. Timu sinachite bwino, ndipo pomuchotsa mu Novembala 2023 yunivesite inatsala ndi ngongole yomulipira madola oposa 75 miliyoni. Mkulu wa zamasewero wa nthawi imeneyo, Ross Bjork, analengezedwa mu Januwale 2024 kuti akupita ku Ohio State, koma ngongole ija inatsalira a ku Texas A&M. Sapota akamalusa pa Facebook, kawirikawiri amakhala akuwerengera zinthu ngati zimenezi.

FUNSO: Kodi masapota angathedi kuchotsetsa mkulu wotere, kapena amangobwebweta basi, akuluakulu n'kuchita zomwe akufuna? (Mphunzitsi wa ku Ulónguè)

YANKHO: Aphunzitsi, angathe, ndipo zinachitikapo poyera kawiri m'zaka zaposachedwa. Nkhani ziwirizi n'zofunika kuzimva bwino chifukwa sizinathe mofanana.

Yoyamba ndi ya Dave Brandon ku Michigan. Iyeyu anali mkulu wa kampani ya Domino's Pizza asanatenge udindowu mu 2010, ndipo anayendetsa masewero ngati bizinesi. Mtengo wa tikiti ya ophunzira ya nyengo yonse unafika madola 295, ndipo anasintha kakhalidwe ka ophunzira m'bwalo m'njira imene iwo sanaikonde. Ophunzira ambiri anasiya kugula. Mu Seputembala 2014 zinafika pakuti munthu akagula mabotolo awiri a Coca-Cola pa sitolo ya pa sukulupo ankapatsidwa matikiti awiri, chinthu chimene anthu amene analipira mtengo wonse anachiona ngati chipongwe. Pa masewero omwewo, olimbana ndi Minnesota, wosewera wina anagundidwa kwambiri n'kuyamba kudzandira aliyense akuona, koma sanatulutsidwe nthawi yomweyo, ndipo pambuyo pake anamubwezeranso m'bwalo. Kenaka zinadziwika kuti anavulala mu ubongo. Apa ndiye panafika pa mwana wakana phala. Ophunzira anasaina kalata ya anthu oposa 10,000, anaguba mpaka pakhomo pa mkulu wa yunivesite, ndipo pa 31 Okutobala 2014 Brandon anatula pansi udindo. Tikiti ya ophunzira ya chaka chotsatira inali itatsitsidwa kale kufika madola 175. Amene anagwirizira mpandowo, Jim Hackett, analemba ntchito kochi Jim Harbaugh mu Disembala chaka chomwecho.

Onani chimene chinapatsa mphamvu ophunzira a ku Michigan. Madandaulo awo anali ogwirika: mtengo wa tikiti, malo okhala m'bwalo, ndi moyo wa mnzawo. Ndiponso mipando yopanda anthu inkaoneka pa kanema dziko lonse likuona. Akuluakulu a yunivesite akhoza kunyalanyaza mawu a pa intaneti, koma ndalama zikasiya kulowa ndipo othandiza timu akayamba kuimba mafoni, amakhala pansi.

Yachiwiri ndi ya John Currie ku Tennessee. Pa 26 Novembala 2017 zinamveka kuti watsala pang'ono kusainirana ndi kochi Greg Schiano. Tsiku lomwelo masapota anaukira, ena analemba mawu omutsutsa pa mwala waukulu wa pa sukulupo umene ophunzira amapentapo uthenga, andale a m'deralo nawo analowererapo. Ambiri ankanena kuti pa nthawi imene Schiano ankagwira ntchito ku Penn State anadziwa za nkhanza zimene kochi wina ankachitira ana koma sanaulule, nkhani imene iye anaikana ndipo sanaimbidwepo mlandu. Tsikulo lisanathe mgwirizano unatha. Pa 1 Disembala Currie anachotsedwa, atangokhala miyezi isanu ndi itatu pa mpandowo, ndipo analowa Phillip Fulmer, kochi wakale amene masapota ankamukonda chifukwa anawapatsa chikho cha dziko mu 1998. Anthu anasangalala. Fulmer analemba ntchito Jeremy Pruitt. Pruitt anapambana masewero 16 n'kugonja 19, ndipo mu Januwale 2021 anachotsedwa chifukwa chophwanya malamulo okopera osewera. Mu Julayi 2023 NCAA inalipitsa yunivesiteyo madola 8 miliyoni.

Ife tikuona kuti masapota a ku Tennessee anali ndi ufulu wokana kochi amene sankamufuna. Pamene panalakwika n'pakuti atapambana pa kukanako, panalibe amene anafunsa kuti kusankha kwatsopano kuyenda motani, ndani afufuza mbiri ya ofunsira ntchito, ndani aziyang'anira kuti malamulo akutsatidwa. Mkwiyo umatha kuchotsa munthu pa mpando m'masiku asanu. Kupeza woyenera kukhalapo kumafuna anthu ofatsa ndi mapepala.

FUNSO: Ndinawerenga anthu akutchula mkulu wina kuti ndi wachiwembu chifukwa anapita kukagwira ntchito pa yunivesite ina. Munthu kusintha ntchito n'kulakwa? (Mayi wa ku Songo)

YANKHO: Mayi, sikulakwa, koma mukamva mmene zinayendera mu 2024 mumvetsa chifukwa chake mitima inawawa. Gene Smith, amene anatsogolera masewero ku Ohio State kuyambira 2005, anapuma pa ntchito. Ohio State inatenga Ross Bjork ku Texas A&M. Texas A&M inatenga Trev Alberts ku Nebraska mu Malichi. Nebraska, patangopita masiku owerengeka, inatenga Troy Dannen ku Washington, munthu amene anali asanathe n'komwe miyezi isanu ndi umodzi kumeneko. Washington nayo inatenga Pat Chun ku Washington State, mdani wake wa m'dera limodzi. Munthu mmodzi kupuma, mayunivesite asanu anagwedezeka.

Pa onsewa, amene anapweteka anthu kwambiri ndi Alberts ndi Chun. Alberts anali mwana wa pakhomo, anasewerera Nebraska ndipo mu 1993 analandira mphotho ya wosewera wabwino koposa pa malo ake m'dziko lonse. Ali pa mpando, pa 30 Ogasiti 2023, timu ya atsikana ya volleyball inasewerera m'bwalo la mpira pamaso pa anthu 92,003, chiwerengero chimene chinaposa cha masewero ena alionse a amayi padziko. Miyezi yochepa asanachoke anali atangowonjezera kontrakiti yake. Masapota anamva kuti wawagwiritsa fuwa la moto. Koma panalinso mbali ina imene okwiyawo sankaitchula kawirikawiri: nthawi imeneyo yunivesite ya Nebraska inalibe mkulu wokhazikika, chifukwa amene analipo, Ted Carter, anali atapita ku Ohio State. Mkulu wa zamasewero sakhazikika mtima akapanda kudziwa kuti bwana wake mawa adzakhala yani. Chun yekha anachoka ku Washington State pa nthawi imene ligi yawo ya Pac-12 inali itapasuka n'kuwasiya awiri okha ndi Oregon State, n'kupita kwa mmodzi wa amene anawathawa. Pamenepo ngakhale munthu wofatsa akhoza kumvetsa mkwiyowo.

Kontrakiti ya anthu amenewa imakhala ndi ndime yotchedwa buyout, ndalama zimene zimalipidwa munthu akachoka nthawi yake isanakwane, ndipo nthawi zambiri yunivesite yomutengayo ndiyo imasenza mtolowo. Ndimeyi siletsa munthu kuchoka, imangokweza mtengo wake.

FUNSO: Mkuluyu akachoka, kochi ndi osewera nawonso amachoka? (Mnyamata wa ku Tsangano)

YANKHO: Kochi ali ndi kontrakiti yakeyake, ndiye sachoka tsiku lomwelo. Koma wataya munthu amene anamulemba ntchito ndi kumuteteza, ndipo wobwerayo alibe chifukwa chomupirira akayamba kugonja. Paja akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Osewera ambiri sachoka chifukwa cha mkulu wa zamasewero. Amachoka kochi akachotsedwa, ndipo kuyambira mu Okutobala 2018 pali njira yotchedwa transfer portal imene wosewera amalembetsa dzina lake kuti mayunivesite ena amuone. Choncho kugwedezeka kwenikweni kwa timu kumabwera chaka chimodzi kapena ziwiri mkulu uja atapita.

FUNSO: A Mkonzi, pa sukulu yathu ya ukachenjede aphunzitsi amene amayang'anira masewero asamutsidwa ndipo anyamuka mwezi wamawa. Anzathu ali kalikiliki kukonza phwando lowatsanzika, ena akulira, ena akuti zakhala bwino. Ife a komiti ya ophunzira tichite chiyani kuti masewero asafe? (Ophunzira a mumzinda wa Tete)

YANKHO: Ili ndiye funso lofunika kuposa onse a mwezi uno, ndipo mwachita bwino kufunsa iwo asananyamuke. Phwando lichitike, koma lichitike pambuyo pa tsiku lopatsirana katundu. Pa sukulu zathu masewero nthawi zambiri amakhala m'mutu ndi m'foni ya munthu mmodzi, ndipo akakwera chapa n'kupita zonse zimapita naye, ngakhale iye alibe cholinga choipa.

Pemphani a direcção, ndiye kuti akuluakulu a sukulu, aike tsiku, pasanathe sabata ziwiri aphunzitsiwo asanachoke. Pakhale anthu atatu osachepera: ochokawo, woimira akuluakulu a sukulu, ndi mmodzi wa inu. Lembani termo de entrega, chikalata chopatsirana katundu, m'makope atatu, aliyense asaine tsamba lililonse, osati lomaliza lokha. Ngati wolowa m'malo sanadziwike, katundu alandiridwe ndi munthu amene a direcção amutchula m'kalata.

Yambani ndi chipinda chosungiramo katundu. Tulutsani zonse panja, muwerenge chimodzichimodzi. Mipira muipope yonse tsiku lomwelo, muisiye ola limodzi, kenaka muigawe patatu: yabwino, yophwa yokha, ndi yong'ambika. Kulemba kuti "mipira khumi" popanda kuipopa n'kumene kumabweretsa mkangano pambuyo pake, wolowa m'malo akapeza kuti isanu ndi iwiri sigwira mpweya. Mpira uliwonse muulembe nambala ndi dzina la sukulu ndi cholembera chosafufutika pafupi ndi pobayira singano. Pampu ndi masingano ake zilembedwe, chifukwa singano ikasowa mipira yonse imakhala yopanda ntchito. Majezi muwaike m'ndondomeko ya manambala kuti yosowa ioneke msanga, makabudula ndi masokosi muwerenge paokha. Jezi imene ili kwa wosewera ilembedwe ndi dzina lake, ndipo ibwere pasanathe masiku atatu. Maukonde muwatambasule onse, chifukwa makoswe amadya ali opindidwa ndipo kunja amaoneka abwinobwino. Maphito, makoni, mbendera za m'makona, zikho, ndi bokosi la chithandizo choyamba nazonso, ndipo m'bokosimo muyang'ane madeti othera mphamvu pa mankhwala. Makiyi mufunse kuti alipo angati ndipo ali ndi yani. Yankho likakhala lokayikitsa, gulani loko watsopano.

Popeza muli mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, onaninso malo amene mipira ikusungidwa. Chipinda cha malata chopanda windo chimaphika mipira, guluu amasungunuka ndipo zikopa zimamatuka. Mpira wa saizi 5 umafuna mpweya wa pakati pa 0.6 ndi 1.1 atmosphere posewera, koma pa tchuthi muutulutseko mpweya pang'ono n'kuusunga pansi pa mthunzi. Anzanu a ku Angónia vuto lawo ndi lina: chinyontho cha dzinja chimachititsa nkhungu majezi oikidwa m'thumba asanaume.

Tsopano ndalama, pamene mabwenzi ambiri amadanirana. Funsani buku la ndalama ndi malisiti. Ngati pali akaunti ya ku banki, dzina la ochokawo lichotsedwe pa osainira iwo asanapite, chifukwa banki imafuna kalata ndi acta, ndiye kuti zolembedwa za msonkhano, ndipo kusaka siginecha ya munthu amene ali ku Chifunde kapena ku Beira kumatenga miyezi. Osainira akhale atatu, ndalama zizituluka awiri akasaina. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti zopereka za osewera zimasonkhanitsidwa pa M-Pesa kapena e-Mola ya nambala ya aphunzitsi eni ake. SIM imeneyo inalembetsedwa ndi BI yawo (chiphaso cha unzika), ndiye ndalama zili mmenemo zimaoneka ngati zawo, ndipo n'zosakanikirana ndi zawo zenizeni. Khalani nawo pansi, muwerenge mauthenga a ndalama zolowa ndi zotuluka, zotsalazo zisamutsidwe tsiku lomwelo nonse mukuona, ndipo muuze osewera onse kuti nambala yakale asatumizekonso.

Musaiwale ngongole, za mbali zonse ziwiri. Pali woyendetsa chapa amene anakutengani ulendo wapita n'kuuzidwa kuti adzalipidwa kumapeto kwa mwezi, pali oimbira mpira, telala amene anasoka manambala, mayi amene anaphikira timu. Zonsezi zilembedwe, dzina la ntchito, kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku. Palinso malonjezo a pakamwa: mwini sitolo amene anati adzagula yunifolomu, kampani imene inati idzapereka mafuta a galimoto. Anthu amenewa analonjeza munthu, sanalonjeze sukulu. Ochokawo apite nanu kwa aliyense wa iwo, akakuonetseni maso ndi maso n'kunena kuti kuyambira lero muzilankhula ndi awa. Lonjezo losaperekezedwa chotere limafa mwakachetechete.

Mapepala a mpikisano ndiwo amagwetsa matimu ambiri mwezi woyamba. Tengani mndandanda wa osewera olembetsedwa, makope a BI ndi makadi awo a sukulu, malamulo a mpikisano, kalendala ya masewero, ndi madeti otsekera kalembera. Funsani mwachindunji kuti ndi wosewera uti ali ndi makadi achikasu angati, ndi uti ali pa chilango. Kuseweretsa munthu woletsedwa kumalanditsa mapointi ngakhale mutapambana ndi zigoli zisanu. Lembani kalata kwa okonza mpikisano yowadziwitsa dzina ndi nambala ya munthu watsopano wolandira mauthenga. Mukapanda kutero, akasintha ola kapena bwalo adzaimbira aphunzitsi amene anachoka, inu n'kudzamva kuti mwagonja ndi falta de comparência, ndiye kuti kusafika pa bwalo, muli m'kalasi. Ngati bwalo limene mumagwiritsa ntchito si la sukulu, dziwani amene anavomereza, masiku ndi maola anu, ndi amene amatchetcha udzu ndi kuthira laimu m'mizere.

Chomaliza ndi foni. Gulu la WhatsApp likhale ndi ma admin atatu, tsamba la Facebook liwonjezeredwe munthu wina wa mphamvu zonse, ndipo zithunzi ndi mafayilo a timu akopedwe kuchoka mu laputopu ya ochokawo. Izi zimatenga mphindi makumi awiri iwo alipo.

FUNSO: Mkulu wa zamasewero pa sukulu yathu wachotsedwa popanda kutiuza chifukwa, chikhalirecho ndiye anadzutsa timu ya atsikana. Anyamata akuti tinyanyale masewero a Loweruka kuti akuluakulu amve. Mukuona bwanji? (Mtsikana wosewera basketball, Furancungo)

YANKHO: Chemwali, mtima wanu tikuumva, koma Loweruka mukasewere. Ku Michigan amene ananyanyala anali ogula matikiti, ndipo kunyanyala kwawo kunaphwetsa thumba la yunivesite. Pa sukulu yanu palibe amene amataya ndalama timu ikapanda kufika pa bwalo. Otaya ndinu: mapointi apita, mwina chindapusa chibwera, ndipo m'mipikisano yambiri kujomba kobwerezabwereza kumachotsetsa timu. Komanso mupereka chifukwa chabwino kwa aliyense amene amafuna kale kuti ndalama za timu ya atsikana zipite kwina.

Choyamba dziwani chimene chachitika. Mphunzitsi wa boma amasamutsidwa ndi akuluakulu a maphunziro, nthawi zina atapempha yekha, ndipo mkulu wa sukulu sangabweze zimenezo ngakhale mutaguba. Ngati wangochotsedwa pa udindo wa masewero koma akadali pa sukulupo, ndiye kuti chisankhocho chapangidwa pomwepo ndipo mukhoza kufunsa. Dziwaninso kuti pali zifukwa zina zimene akuluakulu saloledwa kuulula, monga matenda kapena nkhani imene ikufufuzidwa, choncho kukhala chete kwawo si umboni wa chiwembu.

Lembani kalata ya tsamba limodzi kwa mkulu wa sukulu kudzera ku komiti ya ophunzira. Musalimbane ndi funso lakuti chifukwa chiyani, limbanani ndi zimene zikukhudza inu: ndani akuyang'anira masewero kuyambira lero, kodi timu ya atsikana ipitiriza kukhala ndi maola ake pa bwalo ndi ndalama za ulendo, ndipo wolowa m'malo asankhidwa liti. Timu ya atsikana muitchule ndi dzina, chifukwa munthu watsopano akabwera n'kupeza ndalama zochepa, yoyamba kuiwalika imakhala imeneyo. Osaina alembe dzina lonse ndi kalasi. Mupereke makope awiri ku secretaria, ofesi ya alembi a sukulu, limodzi adinde chidindo ndi tsiku n'kukubwezerani. Pemphani kukumana nawo pasanathe masiku 15, ndipo pa tsikulo mupite anthu atatu kapena asanu, atsikana ndi anyamata, wolankhula akhale mmodzi, wina azilemba. Makolo a m'bungwe la sukulu muwadziwitse, chifukwa mawu awo amamveka kumene anu safika.

Tikuchenjezeni za mafoni. Musalembe pa WhatsApp kapena Facebook kuti uje anaba ndalama kapena uje anachita nsanje, ngati mulibe umboni. Uthenga wotere umajambulidwa n'kufika pa tebulo la amene mukumunenayo dzuwa lisanalowe, ndipo nkhani imasanduka ya mwano wanu, timu ya atsikana n'kuiwalika. Ngati mukufuna kuonetsa chikondi kwa amene wachokayo, dzazani bwalo Loweruka, mumuimbire nyimbo, ndipo akuluakulu aone ndi maso awo kuchuluka kwa anthu amene amabwera kudzaonera atsikana.

FUNSO: Masapota a timu ya pa koleji yathu akufuna kuti mpandowu upatsidwe kwa katswiri wathu wakale, womwetsa zigoli amene aliyense amamudziwa. Ndi nzeru? (Bambo wa m'komiti, Dómuè)

YANKHO: Bambo, dzina lake likhoza kukopa othandiza ndi kutonthoza masapota, ndipo zimenezo si zachabe. Koma ntchitoyi mbali yake yaikulu ndi makalata, bajeti, kalendala ndi kukana zopempha za anzako. Ku Tennessee anasankha munthu wokondedwa, ndipo mwamva mmene zinathera. Ku Michigan amene anakhazika zinthu pansi, Jim Hackett, analinso wosewera wakale wa timuyo, koma anali atayendetsapo kampani yaikulu ya mipando ya m'maofesi kwa zaka zambiri. Kusewera bwino sikumuyenereza munthu, sikumulepheretsanso.

Muyeseni monga mungayesere wina aliyense. Aliyense wofuna mpandowu mumupatse masiku atatu kuti abweretse bajeti ya ulendo umodzi wa timu wokasewera ku Ulónguè: anthu angati, chapa mtengo wake, chakudya, madzi, oimbira mpira, ndi ndalama yapadera ya mwadzidzidzi. Abweretsenso kalendala ya miyezi itatu yosonyeza mmene agawire bwalo pakati pa anyamata, atsikana ndi masewero ena, poganizira sabata za mayeso ndi masiku a mvula. Mufunseni chimene angachite wosewera akagundidwa m'mutu n'kuyamba kudzandira. Yankho loyenera ndi limodzi: atuluke nthawi yomweyo, asabwererenso tsiku limenelo, ndipo apite kuchipatala.

Ngati simunagwirizane, ikani wogwirizira, koma kalata yake inene malire: miyezi itatu, asatenge ngongole m'dzina la timu, asachotse kochi, ndipo azipereka lipoti la ndalama kumapeto kwa mwezi uliwonse. Katswiri wanu akalephera pa mapepala koma masapota akumufunabe, pali ntchito zina zomuyenera, monga kuphunzitsa omenya kutsogolo kapena kutsogolera gulu lopita kwa amalonda kukapempha thandizo, ndipo zimenezo mukhoza kumupatsa sabata ino lomwe.